Lumo la Agogo ndi Chigiriki cha a Lazaro

Ndikakumbukira agogo a Mwale, ndimamva kulira kwa lumo likunoledwa pamwala pansi pa mtengo wa mango, ndi fungo la madzi ofunda a m'chitini chakuda ndi mwaye, pakuti masiku amenewo sopo anali atasowa m'masitolo onse a pa Sinda. Agogowa anali mlongo wa agogo athu aakazi, mwini mbumba yathu, ndipo maliro akatha m'mudzi, iwo ndiwo ankameta anamfedwa. Sankalankhula zambiri. Komanso munthu akakugwira mutu ali ndi lumo m'manja, sutsutsana naye.

Chaka chimene abambo anamwalira, akulu anga a Lazaro anali kunja kwa dziko, ku yunivesite kumene amishoni anawapezera malo, akuphunzira Chigiriki chakale. Kumanda sanafikeko, anangopeza mwambo wometa. Amalume anali atagamula kale kuti a Lazaro asabwererenso kusukulu, atsale alime thonje, asamale amayi ndi ife ana. Chinatsala ndi mawu a agogo basi.

M'mawa mwake a Lazaro anakhala pamtondo wogoneka, maso ali pansi, ine ndili pambuyo pawo kudikira kuti andimete.

"Iwe Lazaro," anatero agogo akunyowetsa tsitsi, "Agiriki akowo ndi aja a malole a fodya?"

"Ayi agogo. Awa anamwalira onse kalekale. Timawerenga ndakatulo ndi masewero amene anasiya."

"Mwamva?" anatero amalume. "Mayi wake ali moyo pano, iye akuti akacheze ndi akufa!"

Lumo linapitiriza ntchito yake, khwe, khwe.

"Nanga iwowo, wawo akamwalira, ankatani?" anafunsa agogo.

"Ankamusambitsa, akazi n'kumulira ndi nyimbo. Ankathira vinyo pansi pomukumbukira. Ankadulanso tsitsi lawo n'kukaliika pamanda."

Lumo linaima. Mutu wa a Lazaro unali mbali ina mbee ngati chipanda, mbali ina tchire.

"Ankameta?"

"Ankameta, agogo."

"Azungu?"

"Makolo a azungu."

"Nanga m'busa wachizungu uja ankanditchuliranji wachikunja?" Agogo anaseka mpaka kutsokomola, amayi nawonso anamwetulira koyamba chichitikireni maliro. "Ndiye anali anthu amenewo. Wometa pamaliro ndi mnansi, ngakhale akhale kutsidya kwa nyanja, ndipo mnansi sumusiya nkhani ili pakati. Koma Lazaro, thonje silidzipalira lokha."

"Ndilima ine," ndinatero.

Anthu amati ndinali mwana wamtima wabwino. Sinditsutsa, koma masamu ovuta a giredi seveni nawonso anandithandiza kulimba mtima kuti ndisiye sukulu.

"Iwe amene pulawo imakukoka ngati chisanza?" anafunsa amalume.

"Pulawo ndidzagwira naye ine mpaka mapewa akule," anatero agogo. Anaweramitsa mutu wa a Lazaro n'kumaliza mbali yotsalayo.

Anasungadi mawu awo. Mvula ikagwa tinkalima awiri, nkhalamba ndi kamnyamata, mizere yathu yokhota ngati njira ya woledzera. A Lazaro akabwera patchuthi ankandisiyira mabuku, ine n'kumawerenga ndili pangolo, ng'ombe zikudzisankhira njira. Yunivesite yanga inali imeneyo. Zilembo za Chigiriki ndimadziwako zochepa, zongokwanira kuopsezera adzukulu.

Agogo atamwalira, a Lazaro, amene tsopano anali mphunzitsi wa imvi, anatsika basi pa Sinda n'kudzakhala pamtondo womwe uja. Lumo linali m'manja mwanga, pakuti agogo anandisiyira ine. Nditamaliza, a Lazaro anatola tsitsi lawo pang'ono n'kulunjika kumanda. Amalume, ali ndi ndodo, anawaitana: "Dikira iwe! Tenga ndi langali."

Lumolo ndikali nalo, ndipo m'mudzi muno wometa anamfedwa ndine. Ndisanagamule za munthu wachilendo, ndimayamba ndafunsa mmene kwawo amalirira akufa awo.