Kansalu Kofiira Pamwendo wa Nkhuku

Mumsewu wathu aliyense amawaitana kuti Atelala, ngakhale makina awo masiku ano amalira mwa apo ndi apo chifukwa maso anayamba kuvuta. Kuweta nkhuku anayamba amuna awo atamwalira. Anakhoma khola la matabwa ndi waya kuseri kwa bafa, n'kuikamo misoti ingapo ndi tambala wa khosi lopanda nthenga.

Chaka choyamba chitopa chinasesa khola lonse. Atelala anakwirira nkhukuzo okha, n'kusamba m'manja, ulendo kwa alangizi a ziweto.

"Katemera alipo, mayi, dontho limodzi m'diso," anatero alangiziwo. "Koma botolo likatsegulidwa lithe tsiku lomwelo. Ndipo nkhuku za anzanu zikapanda kulandira, matenda azingozungulira pomwepo."

Atagula misoti ina, Atelala anayamba kuyenda khomo ndi khomo, botolo lili mufulasiki ya ayezi. Aliyense anali ndi nzeru zake. Amayi ogulitsa makala ankakhulupirira tsabola ndi phulusa m'madzi akumwa. Ena ankati nkhuku yodzisakira yokha chakudya sidwala. Koma ouma mutu kwambiri anali ometa tsitsi apakona, amene nkhuku zawo zinkangoyenda ponseponse.

"Katemerayo ndiye amabweretsa matenda," anatero ometa, lumo lili m'manja. "Alamu anga anatemera, sabata isanathe khola lili mbee!"

"Alamu anuwo anatemera zodwala kale, achimwene. Mwana mumamuveka juzi chibayo chitamugwira?"

Anthu odikira kumetedwa anaseka, koma ometa sanagonje. Atelala anabwereranso mawa lake, ndi mkuja. Pomaliza anati, "Chabwino, ndipatseni theka lokha. Zomwe ndatemera ndizimanga kansalu kofiira pamwendo. Zinazo zikhale momwe mukufunira." Ometa anavomera, mwina pongofuna kuti awachokere pakhomo.

Kenaka kunazizira koopsa. Atelala anabwerera pamakina, n'kusoka masaka akale kukhala makatani a khola, kumtunda n'kusiya mpata wolowera mpweya. Pansi anathira utuchi wouma. Madeya ankawasakaniza ndi masamba ndi zigoba za mazira zosinja, madzi n'kumawafunditsa kaye. Ngakhale zinali choncho, m'mawa wina anapeza anapiye ena atauma gwa pakona. Anawachotsa m'kholamo. Atatero anathira madzi otentha m'botolo, n'kulikulunga ndi sokosi, n'kuliika mudengu la anapiye otsalawo.

Chisanu chikutha, chitopa chinafika. Nkhuku zinayamba kuwodzera, mapiko ali lende, makosi atapindika. Kwa Atelala kunafa thadzi limodzi lokalamba. Kwa ometa, zopanda kansalu zinatha psiti, zakansalu zambiri zikupalasa m'ngalande ngati palibe chachitika.

"Ndi mwayi chabe," anatero ometa Atelala akudutsa.

"Mwayiwo ukubweranso mwezi wamawa, achimwene. Muzitsekere m'khola, sindingathamangitsane nazo ndi mawondo angawa."

Pa tsiku la katemeralo Atelala anapeza nkhuku zonse zili m'khola, ometa atatseka shopu. Ometawo anazigwira okha imodziimodzi, akuzitsegula chikope ndi chala, uku akung'ung'udza kuti makasitomala akuthawa. Amayi a makala nawo anabweretsa zawo mudengu, koma anati tsabola sasiya.

Botolo la katemera linali lisanathe. Atelala anatseka fulasiki n'kufunsa ngati kuseri kwa chigayo kuli oweta nkhuku.

"Aliko," anatero ometa, "koma ndi ovuta kuposa ine."

"Ndiye tiyeni mukandiperekeze," anatero Atelala, akumanga lamba wa nsapato.