Chisomo walumikiza kuka

Mwaswera bwanji nonse. Kuka yophikira ija munatipatsa achimwene, imene timangosungiramo mbale chifukwa inkapsereza soketi, lero yayaka.

Wagwira ntchitoyi ndi mwana wathu Chisomo, amene akuphunzira zamagetsi. Wathimitsa magetsi nyumba yonse, wakoka waya wonenepa kuchokera pabokosi mpaka kukhitchini, n'kuikira kukayo swichi yakeyake.

Bambo ake, aja ankati zamagetsi si za atsikana, ndi amene amamugwirira makwerero. Anzawo akudutsa kuchokera kunyanja, awaitana: "Lowani muone, ndi mwana wanga ameneyo."

Ndaphikirapo chambo. Pakudya, bambo atenga mutu n'kuika m'mbale ya Chisomo.

Tandiuzeni abale, alipo mwa inu anawaonapo bambowa akugawa mutu wa chambo?