Zimene Yotamu sanawerenge

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Kudzuka ndikungonena, poti ndinangotsamira khoma pafupi ndi bokosi, amayi a mpingo akuimba mosinthana mpaka mawu kusasa. M'bokosimo munali Towera, mdzukulu wanga amene ndinalera ndekha kuno ku Kande mayi ake atamwalira. Malungo anamutenga m'masiku anayi okha, ali ku yunivesite kumwera.

Panja moto unali utayaka kale pamafuwa. Amayi ena ankasefa ufa wa chinangwa wophikira kondowole, ena ankatsuka usipa, anyamata okumba manda anali atapita ndi makasu. Mitambo inali italemera cha kumapiri, ndipo aliyense wofika ankayamba wayang'ana kumwamba asanapepese.

Ine mtima unali papepala. Dzulo lake ndinamukhazika pansi mwana wanga Yotamu, malume ake a Towera, amene ndi mkulu wa mpingo, kuti alembe mbiri yokawerenga pamaliro. Sukulu sindinapiteko, ndiye ndinkanena, iye n'kumalemba. Zobadwa ndi zaubatizo ndinangodutsamo. Ndinachedwa pa za mpira.

Towera anali wamtali moposa amuna ambiri a kuno. Ali wamng'ono amayi a m'mudzi ankamutuma kuthyola mango, kwinaku akufunsana kuti adzamukwatira ndani. Nsapato ankavala zachimuna. Atafika ku yunivesite anapeza anthu amene kutalikako ankakufuna: timu ya atsikana ya basiketibo, mpira wa manja uja womenyetsa pansi, osati netibo ayi. Lamulungu lililonse ankandiimbira foni, ndipo Lolemba nkhaniyo ndinkapita nayo kwa anzanga kumene timaviika chinangwa.

Chaka chino anayamba moipa. Ankangogonja. Kochi anawasiya osatsanzika. Bwalo lawo linali long'ambika, mvula ikagwa ankayamba asesa madzi ndi matsache, adani atakhala pambali akuseka. Ulendo wina basi inawafera panjira, nafika anzawo atapatsidwa kale chipambano. Kenaka atsikanawo anapangana zodziphunzitsa okha m'mamawa makalasi asanayambe, ndipo anayamba kuwina. Panatsala masewera amodzi oti akapambana alowe m'gulu la omaliza, ndipo Towera anati adzabwera kudzanditenga ndikaone ndi maso anga. Zonsezi ndinamuuza Yotamu, cholembera chikuyenda.

Kutacha ndinamuitanitsa kuti andiwerengere ndimve. Anaima pakhomo atavala kale jekete, nagogoda thumba la pachifuwa.

"Ama, zonse zilimo. Musavutike."

Anthu anachuluka dzuwa likukwera, ena ochokera ku Tukombo, ena ku Chintheche. Kenaka inafika minibasi yamatope mpaka m'magalasi, yoti yayenda usiku wonse. Anatsika atsikana khumi ndi awiri, ndipo bwalo lonse linatembenuka. Zitenje zinkawalekeza m'miyendo. Polowa m'nyumba mmodzi anagunda mutu pafelemu, mayi wina kumbuyo kwanga n'kubisa nkhope m'chitenje. Kaputeni wawo anagwada nandigwira dzanja.

"Agogo, pepani. Towera ankati timu yathu mumaidziwa kuposa kochi."

Anapempha kuti mmodzi wa iwo alankhule pang'ono. Woyendetsa mwambo anakana, akuti mvula ili pafupi, olankhula akwana. Olankhula okwanawo ndi amene anadya nthawi. Bambo wina wofuna ukhansala anafotokoza za mlatho mpaka ana kuyamba kulira. Woimira yunivesite anachita kuyang'ana dzina la mdzukulu wanga pafoni, nati anali wofatsa ndi waulemu. Towera ulemu anali nawo, koma kufatsa ayi, ameneyu sanamuonepo.

Ndiye anaimirira Yotamu n'kuyamba kuwerenga mbiri ija. Anabadwa tsiku lakuti, anabatizidwa kwakuti, pulayimale, sekondale, yunivesite, anali wa kwaya, anadwala, watisiya. Anapinda pepala. Ndinadikira kuti mwina atulutsa lina. Analowetsa m'thumba n'kukhala pansi.

Ndinafuna kuimirira, mlamu wanga anandikoka chitenje. Mayi wofedwa salankhula pabwalo, amalankhulidwira. Atsikana aja anangoweramitsa mitu. Ngakhale liwu loti mpira silinatchulidwe, ngati anabwera kudzaperekeza munthu wosamudziwa.

Bokosi litanyamuka ndinamupeza Yotamu panjira, amayi awiri atandigwira m'mikono. Ndinamufunsa kuti dzulo ankalemba chiyani nthawi yonse ija. Anayankha motsitsa mawu, maso ali kutsogolo.

"Ama, abusa ali pompo, ine ndinene za mwana wamkazi wodumpha ndi kabudula? Mbiri ya maliro ili ndi kalembedwe kake."

Ndinamuuza kuti kalembedweko sindikudziwa, koma mwanayo ndimamudziwa.

Njira ya kumanda imadutsa m'minda ya chinangwa, ndi yamchenga, yopapatiza. Amuna ankalandirana bokosi pafupipafupi chifukwa linali lalitali, lovuta pokhota. Kumapiri kunkagunda. Abusa anafulumiza mapemphero, anyamata anakwirira mwachangu, woyendetsa mwambo n'kuyamba kuitana oika nkhata. Woyamba ndinali ine.

Ndinagwada, ndinaika maluwa, koma sindinadzuke. Kulankhula pabwalo amatiletsa, koma kulira sanatiletsepo, ndipo kwathu kuno mkazi amalira ndi mawu. Ndinayamba kulira Towera wanga wosesa madzi pabwalo, Towera wanga amene basi inamufera panjira, amene anadzutsa anzake kusanache kochi atathawa. Woyendetsa mwambo anaitana dzina lotsatira, ine osasuntha. Mlamu anandigwira paphewa, ndinachotsa dzanja lake.

Pamenepo mvula inagwa, ya madontho aakulu. Anthu anabalalika, ena pansi pa mitengo, ambiri kumudzi. Ndinali ndisanafike n'komwe pamene timu inayamba kuwina. Anthu onse aja anamva za mlatho, anamva kuti mwanayo anali wofatsa, koma kwa ine anamva zogonja zokhazokha.

Anatsala atsikana aja, okumba manda, abusa, ndi Yotamu amene anagwirira abusawo ambulera ndipo sakanatha kuchoka. Ndinapitiriza. Ndinafika pa tsiku limene Towera anaponya mpira ali patali, wezulo yomaliza ikulira, mpira n'kuzungulira pamkombero kawiri usanalowe. Ndinati anagonjetsa a ku Zomba. Mtsikana uja wogunda mutu anasendera pafupi, madzi akuchucha m'tsitsi.

"Agogo, sanali a Zomba. Anali a Lilongwe aja, onyada aja."

Anzake anaseka uku akulira. Ndinakonza, ndinati a Lilongwe onyada aja, n'kumaliza. Kenaka anandidzutsa okha, nandiyendetsa pakati pawo mpaka kunyumba, ine ndikuwalekeza m'zigongono.

Sanakhalitse. Kondowole anangolawa, ena anali asanaionepo, ankalimbana nayo m'zala. Masewera otsala aja anali Loweruka la sabata yomweyo, ndipo njira ndi yaitali. Kaputeni anati adzandiimbira. Ndinamuuza kuti aziimba Lamulungu.

Madzulo nyumba inakhala zii. Achibale otsala anagona msanga pamikeka, denga likudontha pakona. Yotamu anakhala pakhomo ndi jekete lake lonyowa pamaondo. Patapita nthawi anafunsa, osatembenuka, ngati n'zoona kuti mpira uja unazungulira kawiri usanalowe.

Ndinati ndinamuuza dzulo. Anati dzulo sankamvetsera. Ndinamuuza kuti anthu anapita kale, sadzabweranso kudzamva, komabe atulutse cholembera, ndipo akamaliza mzere uliwonse aziwerenga mokweza ndisanamupatse wina.