Tsiku limene ndinali maso a agogo m'ndege

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Mbewe, ndimamva fungo la girisi ndi la mphira wowauka, pamene ankamata machubu a njinga patsinde pa mango kumudzi kwathu ku Zingalume, nyundo ikulira ngwe ngwe, alimi atakhalira matumba a mtedza kudikira njinga zawo. Ku Lusaka anapitako kamodzi kokha ali mnyamata, pamwamba pa lole, ndipo ulendowo ankausimba ngati anachoka kunkhondo.

Ndili giredi sikisi maso awo anachita ng'ala, moti ankapapasa sipanala ili pamapazi pawo. Tsiku lina azakhali, amene anali namwino ku Lusaka, anaimba foni: kwa dokotala wa maso kwapezeka malo mawa masana, tikaphonya tidikira miyezi. Pa basi sitikanafika. Anali atagula kale matikiti awiri a kandege konyamukira ku Chipata, ina ya ine kuti ndiziwagwira dzanja agogo. Ndinathamanga kuzungulira nkhokwe ndikukuwa mpaka nkhuku zinabalalika.

"Agogo, akuti n'kupitirira pang'ono ola limodzi basi!"

"Bodza, Tisa. Ine ndinagona panjira kawiri. Kodi Lusakayo anamusendeza?"

M'mawa tinakwera minibasi yoyamba pa boma yopita ku Chipata, iwo atavala jekete la kutchalitchi, kolona ili m'manja. Kandegeko katayamba kuthamanga anandifinya dzanja, ndipo titanyamuka anafuula, "Mayo, matumbo anga atsala pansi!" Anthu onse anaseka, iwonso anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandikankhira kuzenera.

"Uzindiuza zonse. Usasiye kanthu."

Ndinawauza za minda yooneka ngati zigamba za pathalauza, malata ophethira padzuwa, msewu wopyapyala ngati ulusi, ndi mitambo imene inali pansi pathu, osati pamwamba. Nditaona madzi ofiirira okhotakhota ndinakuwa kuti mtsinje, ndipo bambo wina wa mpando wakumbuyo anati ndi Luangwa.

"Luangwa kale?" anatero agogo. "Pamenepa mpamene tinagona usiku wachiwiri, udzudzu ukutidya!" Anamenya bondo lawo, akupukusa mutu. Siwiti imene anawapatsa ponyamuka anali asanaimalize bwino pamene matayala anagunda pansi.

Opaleshoni inayenda bwino. Atawachotsa bandeji anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Iwe, mano akutsogolowa anakula liti chonchi?" Azakhali analira.

Pobwerera ndege anaikana kwamtuwagalu. "Mtunda uja munandibera," anatero. "Ndikufuna ndiuone ndekha." Tinakwera basi tsiku lonse, iwo pazenera, akuwerenga mokweza chikwangwani chilichonse, Nyimba, Petauke, Katete, n'kumaloza mbuzi, mapiri ndi njinga zopindika mahandulo zimene ankati akanazikonza. Ine miyendo inachita dzanzi, koma iwo sanaodzere ngakhale pang'ono.

Anamatanso machubu zaka zambiri asanamwalire. Lero ndimakhala ku Lusaka, ndipo ana anga akandifunsa ngati kumudzi n'kutali, ndimawakweza basi ya m'mawa, wamng'onoyo pazenera, ine n'kutsinzina n'kumuuza kuti azindiuza zonse zimene akuona.