Botolo limene Adokotala anatsuka

Adokotala si dokotala ayi. Ntchito yawo inali kutsuka mabotolo mulabotale ya payunivesite, koma poti ankavala jasi loyera mpaka m'basi, anthu a mumsewu mwawo anawapatsa dzinali. Iwo kulikana? Aaa, n'kuyankha komwe mokweza mapewa. Kunangotsala zaka zochepa kuti apume pantchito n'kuyamba kudya penshoni, ndipo lamulo la abwana a labotale ankalidziwa pamtima: wowononga kafukufuku wa munthu amachoka chimanjamanja.

Ndiye kunabwera mtsikana wina wophunzira za mankhwala, woonda, wa magalasi. Ankafufuza njere za kadamoni, m'bale wake wa jinja, poganiza kuti mafuta a m'njeremo angaphe tizilombo toyambitsa zilonda zam'mimba. Adokotala atamva anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Mwanangu, zokometsera tiyi zimenezi? Sukulu yonse ija kudzathera posinja njere?"

Mtsikanayo anangomwetulira. Anasinja, kuviika, kusefa, kusefanso, miyezi khumi ndi inayi. Matumba atatu a njere anatulutsa timafuta tofiirira tongomata pansi pa botolo ngati zotsalira za tiyi. Lachisanu analiika pashelefu yake, kapepala kolemba atamata pambali.

Lolemba m'mawa Adokotala analiona n'kupukusa mutu. Uve wa ana a masiku ano! Kapepalako sanakawerenge, poti munthu wodziwa ntchito sauzidwa ndi kapepala. Anakakanda ndi chikhadabo, kenako sopo, bulashi, madzi otentha. Botolo linayera kuti mbee.

Mtsikana uja atalowa anayang'ana pashelefu, n'kuyang'ana botolo likudontha madzi pothandala.

"Mayo ine!" Anangokhala pansi pasimenti.

Abwana anatulukira. "Wachita zimenezi ndani?"

Apa ndiye udokotala unathawa. M'mutu mwawo munali penshoni yokhayokha. Mtsikanayo anayang'ana Adokotala nthawi yaitali, imvi zija, manja osweka ndi sopo aja.

"Ndine, bwana. Ndinaliika ndekha m'beseni la zotsuka."

Linali bodza, ndipo awiriwo ankadziwa. Anthu amene ankalipirira kafukufukuyo anakana kuyambiranso, moti sabata isanathe mtsikanayo analongedza mabuku ake m'katoni. Adokotala anamunyamulira katoniyo mpaka pageti. Pepani sanatuluke, koma anamulangiza kuti m'moyo muno munthu azisamala poika zinthu. Manyazi alibe bambo amenewa, ndithu!

Chaka chitatha anawachitira phwando lotsanzikana. Abwana anaimirira n'kunena kuti pazaka makumi awiri ndi zitatu munthuyu sanawonongepo kanthu, ana aphunzirepo. Adokotala analira misozi yeniyeni, n'kulandira wotchi yapakhoma.

Penshoni ikubwera mwezi ndi mwezi. Madzulo amakhala pakhonde n'kumafotokozera anzawo za njere zochiritsa zimene iwo ndi anzawo asayansi anatsala pang'ono kutulukira.

Mtsikana uja pano amagulitsa mafoni m'kasitolo koyandikana ndi siteji ya basi. Adokotala akamapita kutauni ndi akazi awo, akangoyandikira pamenepo amawoloka msewu, n'kuyenda mbali inayo mpaka kukhota.

"Koma bambo, basi timakwerera uku," amatero mayi.

"Mbali iyo kwachuluka dzuwa," amayankha choncho, ngakhale kuli mitambo.