Beseni Pakhonde la Swaibu

Kutsidya kwa Bua, mayi wa Chisilamu akamwalira, uthenga unkafika kwa a Mwajuma usanafike n'kwa shehe komwe. Iwo ndiwo ankasambitsa maliro a amayi. Ankabwera ndi beseni lawo, sopo, lubani ndi nsanda, n'kutseka chitseko. Zimene aona m'katimo zinkathera momwemo, poti mwambo wa ntchitoyi umati wosambitsa alibe pakamwa. Komatu kunja kuno pakamwa anali napo. Funsani ogulitsa usipa amene ankayesa kuwapimira mbale yosadzaza.

M'zaka za m'ma 1980 ankaona chinthu chimodzimodzi mobwerezabwereza: mayi wowonda, nsanza zamagazi zobisidwa pansi pa mphasa, ndi fungo limene lubani ankalilephera. Anamwino ankati ndi khansa ya khomo la chiberekero. Akazi a ku boma, oyandikana ndi chipatala, ambiri ankapita magazi akangoyamba, ena n'kupulumuka. Kuno ayi. Ulendo unali wautali, madokotala anali amuna, ndiye mkazi ankangomanga nsanza n'kumapita kumunda wa mpunga mpaka tsiku logwa. Zinkawapweteka mtima a Mwajuma kuti iwo ankaitanidwa madzi atafika kale m'khosi.

Chaka china pa Ramazani anaona kuti mlamu wawo Rahila, mkazi wa mchimwene wawo Swaibu, sakusala ndiponso sakuswali. Mkazi akakhala kumwezi amapumula pa zimenezi, sizachilendo. Koma Rahila anali ndi zidzukulu, zakumwezi anasiya kalekale. Anamupeza kuseri kwa nyumba akupeta mpunga.

"Alamu, mwezi ukutha simunayale mkeka wa swala. Magaziwa anayamba liti?"

Rahila anayang'ana m'lichero. "Chiyambire dzinja. Chonde, achimwene anu asamve."

"Chinsinsi ndimasungira akufa," anatero a Mwajuma. "Inu muli moyo."

Swaibu anali msodzi wopemphera, wokonda mkazi wake, koma wouma mutu ngati chitsa. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu.

"Mkazi wanga akavule pamaso pa mwamuna wachilendo? Ayi, achemwali. Tiyesa mankhwala a konkuno. Mwini moyo ndi Mulungu."

A Mwajuma akanatha kumutchulira mayina a amayi amene anayesa mankhwala a konkuno. Ankawadziwa onse, koma mwambo sunalole, ndipo sanatchule ngakhale limodzi. Anangonyamuka osatsanzika.

M'mawa mwake anabwera atasenza beseni lija, nsanda itapindidwa pamwamba, n'kulitula pakhonde la Swaibu. Anakhala pambali pake atatambasula miyendo. Mudzi wonse unkalidziwa besenilo. Amayi opita kudambo anatula makasu, wina anayamba kale kulira, n'kumafunsana kuti watisiya ndani. Swaibu pochokera kunyanja analiona ali patali, nkhafi inamugwa m'manja.

"Ali moyo, akuphika," anatero a Mwajuma. "Ndangobweretseratu katundu. Msana wanga watopa ndi kunyamulanyamula. Akhale pompano, sadikira nthawi yaitali."

"Chotsani zimenezi, achemwali. Anthu akuona."

"Aone. Lichoka Rahila akanyamuka wa kuchipatala. Mukukana kuti dokotala aone thupi lake? Ndiye ndidzaliona ine."

Swaibu anayang'ana nsandayo nthawi yaitali. Kenako analowa m'nyumba, anafunafuna makhadi a chipani, poti wopanda khadi sankakwera basi, n'kutulutsa njinga. Anamukweza yekha mkazi wake mpaka kumsewu, a Mwajuma akutsatira pambuyo ndi kamtolo ka zovala. Ku boma anawatumiza ku Lilongwe, kumene anamuchotsa chiberekero. Dokotala anati akanachedwa pang'ono, sipakanakhalanso chochita.

Kuyambira pamenepo amuna a kuderako ankati akaona a Mwajuma akufunsa za akazi awo, ankapopa njinga okha, beseni lisanafike. Si onse anapulumuka. Ena anapita mochedwa, a Mwajuma n'kuwasambitsa ndithu, misozi ikugwera m'madzi. Koma pa zikwati, Rahila akalowa m'bwalo kuvina, iwo ankagwira dzanja la aliyense wokhala pafupi n'kumuloza. "Mwamuona uyo? Anandithawa ameneyo."

A Mwajuma anamwalira atakalamba, mpunga utangokololedwa. Amayi anasonkhana pakhonde n'kumayang'anana, chifukwa amene ankaitanidwa pa zotere ndi amene anagona m'katimo. Ndiye panadzuka Rahila, mutu uli mbuu ndi imvi. Ananyamula beseni lija, analowa, n'kutseka chitseko.