Nkhope m'Beseni

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali Fomu 2 pasekondale ina pafupi ndi boma la Nkhotakota. Ndinkakhala ndi azakhali anga kwa Malengachanzi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkadutsa m'minda ya mpunga, utsi wa owamba nsomba ukukakamira yunifolomu yanga.

Chaka chimenecho kunabwera aphunzitsi atsopano a jogalafe, a Mhone, ochokera cha ku Dwambazi, aatali, olankhula mofulumira. Tsiku lina anatiuza kuti mitengo ikutha chifukwa cha nkhuni zowambira nsomba, ndipo mankhwala a vutoli ali m'zinyalala. "Lolemba aliyense abwere ndi zinyalala za kwawo," anatero. "Wobwera chimanjamanja akakumba dzenje." Tinangoyang'anana. Chiyambire Sitandade 1 tinkakwapulidwa chifukwa cha zinyalala, lero tizilangidwa chifukwa chosowa zinyalala?

Kunyumba ndinazungulira bwalo lonse. Nditatola chitini cha mkaka, azakhali anati ncha koloboyi. Botolo linali la palafini. Chidutswa cha ukonde chinali chotsukira mbale. Ngakhale tayala lothaitha la kuseri kwa khitchini amalume anali atalonjeza kale kwa wosoka nsapato. "Iwe Asiyatu," anatero azakhali, "aphunzitsi akowo akufuna zinyalala kapena katundu wanga?" Pomaliza a Saidi a pagolosale anandipatsa mtolo wa nyuzipepala zakale zomwe ankakulungira sopo, atandifunsa kawiri ngati ndinamvetsa bwino zimene ndatumidwa.

Lolemba masana a Mhone anakondwera ndi mtolo wanga kuposa zonse zimene anzanga anabweretsa. Anatiuza kuti ting'ambe mapepalawo, tiwanyike m'beseni, tiwasinje mumtondo pamodzi ndi mankhusu a mpunga, kenako tiumbe timibulu toyaka ngati makala. Ine ndi mnzanga Tiyanjane tinkasinja mosinthana, manja atada ndi inki, fungo la sopo ndi pepala lonyowa litadzaza m'mphuno. Anyamata ankatiseka kuti tikuphika phala la nkhani.

Tili mkati mosinja panatulukira ahedi, ali ndi mlendo, atcheyamani a chipani a m'dera lathu, omwe anabwera kudzaona ngati tonse tili ndi makadi a chipani. A Mhone anawafotokozera za ntchito yathu monyadira. Atcheyamani anawerama kusuzumira m'beseni, ndipo anakhala chiweramire nthawi yaitali. Pamwamba pa madzi pankayandama nkhope ya mtsogoleri wa dziko, yong'ambika pakhutu. Masiku amenewo panalibe nyuzipepala yotuluka popanda nkhope imeneyo, koma palibe mwa ife anali ataganizako.

"Mukusinja ndani umu?" anafunsa motsitsa mawu.

Munsi unandilemera m'manja. A Mhone anati, "Ndi mapepala chabe, bwana," ndipo pomwepo nkhope yawo inaonetsa kuti azindikira kuti awonjezera mlandu. Ahedi ndiwo analowererapo. Anati anawa akuchotsa zithunzi kuti zisaonongeke, madziwo ngofewetsera pepala kuti chithunzi chichoke bwino. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakonze, poti si zimene tinauzidwa, koma Tiyanjane anandiponda chala.

Masana onse tinakhalira kuvuula nkhope ndi kuziyanika pakhonde, atcheyamani atakhala pampando kutiyang'anira. Zitauma zinadzaza katoni. Nanga tizitani nazo? Kutaya kunali kosatheka, kuwotcha kosatheka, kusinja ndiye osayerekeza. Ahedi anangozitsekera m'kabati ya muofesi. Za mapepala amene anali atasinjidwa kale palibe anafunsa, ndipo timibulu tomwe tinali titaumba kale tinauma kuseri kwa kalasi popanda woyatsa ngakhale kamodzi, mpaka mvula yoyamba inasandutsa zonse matope.

Kunyumba ndinafunsa azakhali ngati ndinalakwa. Anati ndinachita zimene ndinatumidwa. Nditafunsa ngati a Mhone ndiwo analakwa, anayang'ana kukhomo, nkundiuza kuti ndikatunge madzi, pomwe mtsuko unali wodzaza. A Saidi kuyambira sabata imeneyo ankandipatsa moni wapatali.

Teremu yotsatira a Mhone sanabwerenso. Ena ankati anawasamutsira kumpoto, ena ankati anapita kukawonjezera maphunziro, ena ukawafunsa ankasintha nkhani. Pamayeso panabwera funso lakuti tingateteze bwanji mitengo. Ndinalemba za timibulu, ndinaganiza, ndinafufuta, nkulemba za kudzala bulugamu.

Lero mdzukulu wanga amaphunzira zomwezi kusekondale. Iwo amaumba timibulu ndi mapositala a kampeni, nkhope za akuluakulu nkumasinjidwa ana akuimba, popanda wocheuka. Amati ndi phunziro labwino, ndipo ndimavomereza, pakuti tchire lomwe tinkatolamo nkhuni linatha kalekale. Koma ine mpaka pano ndikagula mandasi okulungidwa m'nyuzipepala, ndimayamba ndatembenuza pepalalo kuti ndione amene ali kuseri, ndisanapukutirepo manja.